Mbale ya Njanji

Chimene chinayamba kumudabwitsa Clementina Zulu chinali mbale. Njanji, mphaka wake, chibadwire sanadyepo mwaulemu. Ankakankhira nyenyeswa m'mphepete, kutayira zina pansi, kenako n'kuchokapo monyada. Koma madzulo a Lolemba limenelo mbale inali mbee, ngati yotsukidwa.

Panali patapita milungu iwiri chibwerere naye ku Lusaka, kumene dokotala wa ziweto anamupeza ndi matenda a shuga. M'minibasi anthu anamuseka Clementina mpaka ku Shimabala, ati mphaka n'kudwala matenda a mabwana! Iye anangomufungatira mphaka wake. Mphakayo anatoledwa pa siteshoni ya sitima ndi malemu mwamuna wake, Fackson, ndipo pa zamoyo zonse zimene bamboyo anasiya m'nyumbamo, chotsala chinali chimenechi. Komanso Clementina anali telala wa mumsika wa Kafue, zaka makumi atatu akugwira singano. Kubaya jakisoni wa insulini anakuphunzira tsiku limodzi, mpaka dokotala anamuyamikira kuti ali ndi dzanja labwino. Mawu amenewo ankawabwereza kwa aliyense, ngakhale amene sanamufunse.

Lamulo la dokotala linali losavuta. Sikisi koloko m'mawa ndi sikisi koloko madzulo, nsomba yophika yoyezedwa m'kapu, popanda nshima. Akadya, ndiye jakisoni pachikopa cha kuseri kwa khosi. Asanadye, osayerekeza, chifukwa mankhwalawo akalowa m'mimba muli gwaa, shuga amatsika mpaka kupha. Poti magetsi ankazimazima, kabotolo ka mankhwala kankasungidwa mu firiji ya a Zakeyo, oyandikana nawo, amene anali ndi sola. Choncho Clementina ankaika mbale kuseri kwa nyumba, n'kupita kukatenga kabotolo, pobwera n'kubaya.

Lolembalo anabaya ali wokondwa kuti mphaka wake wayamba kukonda kudya.

Pakati pa usiku anadzidzimuka. Magetsi kunalibe, mdima unali bii, ndipo kunja kunkangomveka achule a kumadambo. Kenako m'khitchini munamveka kulira kwautali, kokoka, konga kwa khanda lotopa. Atayatsa tochi anaona Njanji akuyenda dzandidzandi, akugunda mwendo wa tebulo, kubwerera, kugundanso pomwepo. Maso anali atatong'oka, akuda okhaokha, akuyang'ana pakona pamene panalibe chilichonse.

Kumbuyo kwake kunamveka mpweya wa munthu. Anali Dainess, mlongo wake wa Fackson, amene ankakhala pakhomopo chithere ukwati wake, mayi wosaphonya mapemphero a usiku.

"Mulamu, mwamvela?" ananong'ona Dainess. "Iyo si pusi ilila. Muli chinthu mukati."

"Kagoneni, ba Dainess. Ni matenda chabe."

Anapaka uchi m'kamwa mwa mphakayo monga anamuphunzitsira dokotala, ndipo patapita kanthawi Njanji anakhala pansi n'kuyamba kudzinyambita. M'mawa, Dainess ali ku mapemphero a m'bandakucha, mphaka anadya mwa chizolowezi chake chotayataya, ndipo tsiku lonse anali bwinobwino.

Madzulo a Lachiwiri mbale inalinso mbee. Clementina anabayanso.

Usiku umenewo kunalibe kulira. Chimene chinamudzutsa chinali kaphokoso kakang'ono, kwe, kwe, kwe, ngati wina akukanda chitseko ndi chikhadabo. Anamupeza Njanji atagona chammbali pasimenti, miyendo ikupalasa yokha, thovu kukamwa, thupi lili zii. Ndi dzanja lija loyamikiridwa ndi dokotala anamupakanso uchi m'kamwa, wina n'kutayikira pachitenje. Anakhala naye pamiyendo mpaka sitima ya katundu inadutsa, nyumba n'kugwedezeka, ndipo nthawi yonseyo kuchipinda kwa Dainess kunkamveka manong'onong'o osalekeza. Kunena zoona, usiku umenewo Clementina anachita mantha, ndipo kwa kamphindi anadzifunsa ngati mlamu wakeyo sankanena zoona.

Kutacha nkhani inali itafika kale pampopi. Ena ankati mayi Zulu amabaya mphaka wawo kuti aziwaitanira makasitomala. Ena ankati mzimu wa Fackson unalowa mwa mphakayo ndipo ukufuna kutuluka. Mkazi wa a Zakeyo anamupatsa kabotolo atagwira ndi nsonga za zala.

Clementina anaimbira foni dokotala.

"Inadya musanailase?" anafunsa dokotalayo.

"Mbale inali ilibe kanthu."

"Sininafunse za mbale, amai. Munaiona ikudya na maso yanu?"

Mtima unamupweteka Clementina, chifukwa iye amene ankadzitama ndi kusamala anali atakhulupirira mbale.

Madzulo a Lachitatu anaika nsomba pamalo pake, natuluka pageti mokweza mapazi, koma anazungulira n'kudzaima kuseri kwa thanki ya madzi. Dzuwa linali litalowa, magetsi atazima kale, udzudzu ukumulira m'makutu. Njanji anayandikira mbale mofooka. Asanalawe n'komwe, chitseko cha kukhitchini chinalira pang'onopang'ono, ndipo munatuluka chinthu choyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, chikunong'ona. Chinawerama, chinamukankha mphakayo ndi phazi, chinakhuthulira nsomba m'pepala la pulasitiki, kenako chinapukuta mbale ndi nsalu.

Clementina anayatsa tochi. Anali Dainess, atavala zoyera za kutchalitchi.

"Ba Dainess! Muchita chani?"

Mayiyo sanathawe, ndipo sanaoneke wamanyazi. "Naiika pa kusala, mulamu. Ba mneneri banakamba ati chibanda sichichoka na nyeleti ya jakisoni, chichoka na kusala na pemphelo. Masiku yatatu, chakudya cha m'madzulo osaipasa. Simunaone mwamene chenze kuvutikila? Lelo ndiye last. Banati usiku wa lelo chizachokelatu, sichizabwela futi."

Clementina anayang'ana mphaka wake, mafupa a msana akuwerengeka. Mneneriyo sananame. Clementina akanabaya madzulo amenewo mphaka asanadye, m'mawa Njanji akanapezeka atauma, Dainess akanaimba nyimbo ya chigonjetso, ndipo wakupha akanakhala iye mwini, ndi dzanja lake labwino lija.

Sanakalipe. Analanda pulasitikiyo, nabwezera nsomba m'mbale, nanyamula mbale ndi mphaka yemwe kupita nazo kukhonde la kumaso, kumene a Zakeyo ndi azimayi a pampopi akanatha kuona bwino. Kenako anamupatsa Dainess tochi.

"Gwilani. Muunikile apa, muone mwamene chibanda chanu chidyela."

Njanji anadya pang'onopang'ono, ndipo Clementina sanaphethire mpaka chidutswa chomaliza chitamezedwa. Anatuma Dainess yemweyo kukatenga kabotolo kwa a Zakeyo. Atabwera nako, Clementina anayeza mankhwala pa kuwala kwa tochi imene inali m'manja mwa mlamu wake, anatsina chikopa cha kuseri kwa khosi, nabaya anthu onse akuonerera. Mphaka sanatekeseke n'komwe.

Usiku umenewo m'nyumbamo munali chete, moti Dainess anadzuka katatu kukasuzumira. Ulendo wachitatu anapeza Clementina ali maso, Njanji ali pachifuwa pake akupuma bwinobwino.

"Mailo kukacha mukabauze ba mneneri banu," anatero Clementina motsitsa mawu, "kuti pusi ya Fackson ikali moyo."