Kompyuta Imene Sinamalize

Mlonda anali atatseka kale geti pamene Wamanambala ankatuluka mu ofesi. Dzinali anamupatsa ndi anzake, poti ntchito yake inali yosanthula manambala a malonda. Kukampani yaikulu imene inamuchotsa ntchito ankangojambula matchati oonetsa mmene malonda akuyendera. Kutolera manambala ndi kukonza zolakwika kunali ndi eni ake. Koma pa kakampani aka zonse zinali pamutu pake, mpaka kukonza pulinta. Bwana ankafuna kumva m'mawa chifukwa chimene makasitomala akuthawira, apo ayi ntchito yatha. Kunyumba mayi ake odwala ankayang'ana kwa iye yekha.

Anasiya kompyuta ikuwerengera yokha n'kuuyamba wapansi, poti maminibasi anali atatha.

Pamlatho anamva mapazi kumbuyo. Anaima. Mapazi aja sanaime... Anafika bambo wina wovala jekete lonyowa, chonsecho mvula inali isanagwe mwezi wonse.

"Achemwali, mwaisiya ikuwerengera?"

Tsitsi linamuyimirira. Anangogwedeza mutu.

"Inenso ndinaisiya. Magetsi akathima usiku imayambiranso, ndiye ndikukaona ngati yamaliza. Kuofesi ija ukhale wotolera, wokonza, wofotokozera. Bwana uja matebulo a manambala sawerenga, amafuna mawu amodzi. Ine mawuwo sindinawapezebe."

Dzanja la bamboyo linamukhudza paphewa. Kuzizira kwake! Mtsikanayo anadumphira kumbali. Atacheuka... mlatho unali wokha, pansi pali madontho a madzi olowera kuofesi.

Sanagone. M'mawa anapeza kompyuta itaima pakati, mpando wake uli chinyontho. Anafotokozera mlonda zonse. Mkuluyo anavula chipewa.

"Mwana wanga, ameneyo ndi amene ankakhala pampando wakowo. Ankagwira zonse yekha ngati iweyo. Usiku wina magetsi atathima anabwerera kudzaona kompyuta, mtsinje utasefukira. Tinakamupeza kumunsi kwa mlatho. Papita zaka, zinachitika iwe ukadali kusukulu."

Wamanambala anafuna kunyamula chikwama n'kuchoka osabwereranso. Koma akanapita kuti? Mankhwala a mayi anali atatsala pang'ono kutha. Anapukuta mpando uja ndi mpango, n'kukhalapo.

Bwana anasuzumira pakhomo.

"Sizinathe? Chabwino, ndakupatsa mpaka mawa. Uisiye iziwerengera usiku, ndipo magetsi akathima ubwere udzaione."