Wagwidwa Akuti "Akazi Anga"

Telala anali ndi chizolowezi chimodzi. Akawerenga mutu wa nkhani pafoni, ankaomba m'manja n'kunena kuti, "Ndinanena ine!" Nkhani yakeyo sankaitsegula n'komwe.

Ngakhale tsiku limene anakumana ndi Makaniko pasiteji ya basi, maso anali pafoni. Mnyamatayo anamutolera tepi yoyezera imene inagwa.

"Chemwali, tandiyezani mtima. Wakula nditangokuonani."

Telala anaseka. Posakhalitsa anayamba kukhalira limodzi, ukwati uli m'njira. Makaniko ankamulembera mauthenga ngakhale ali kunsi kwa galimoto: "Shuga wanga, sindidzakusiya."

Koma Telala anali m'gulu la pafoni lotchedwa Amayi Tisapusitsidwe. M'menemo nyimbo inali imodzi: amuna onse ndi achinyengo. Wotsutsa ankachotsedwa.

Tsiku lina m'gulumo munagwa kanema: WAGWIDWA! MAKANIKO ALI NDI WINA! Makaniko ankaoneka ali pakhonde la chipatala, foni ili kukhutu. "Akazi anga, ndafika. Musadandaule."

"Ndinanena ine!" anatero Telala.

Mauthenga anavumba. "Mutaye!" "Ife tinaona kale!" "Usamufunse, akunamiza!"

Sanamufunsedi. Anatenga mauthenga onse achikondi aja n'kuwaponya m'gulumo kuti anzake aseke. Pofika masana anali atafalikira kulikonse.

Makaniko anafika pakhomo atagwira dzanja mayi wokalamba wa diso lomata ndi bandeji.

"Agogo, uyu ndi amene ndinkakuuzani uja."

"Mkazi mnzanga ndi ameneyu?" anaseka agogowo. "Iwe, wandilanda amuna anga!"

Telala anagwira pakamwa. Kodi iyeyo agogo ake aamuna sankamuitana kuti "akazi anga"? Nthabwala yodziwa aliyense anaiiwala bwanji?

Kuchipinda, Makaniko analankhula motsitsa mawu.

"Anyamata akugalaja andiwerengera 'Shuga wanga' mokweza, akugubuduka ndi phwete. Unafunsa gulu lonse. Ine wogona nawe chipinda chimodzi, ayi."

"Pepa, wokondedwa! Sindidzayambiranso!"

Mtima wa mnyamatayo unayamba kufewa. Kenako foni inalira, ndipo Telala anaisuzumira. Unali uthenga wa m'gulu muja: "Agogowo wachita kubwereka. Usapusitsidwe!"

Anatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'anitsitsa gogoyo pabalaza, kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

Makaniko anaona kayang'anidwe kameneko. Anatsitsa chikwama pamwamba pa kabati, n'kulongedza ovolosi, malaya ndi nsapato.

"Ukupita kuti?"

"Ukafunse m'gulu," anatero akutseka zipi. "Akazi anga, nyamukani tizipita."