Tsiku Limene Mkuwa Anakana Kachitsulo

Lulu ankakhala ku Chimwemwe, mu Kitwe. Iye ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna kukwera Mkuwa.

Mkuwa anali kavalo wofiirira. Ankakhala pa famu ya Mayi Muriel, kunja kwa tauni. Atate a Lulu, a Stanislaus, ndiwo ankamusamalira. Mkuwa anali wofatsa zedi. Nkhuku zinkadutsa pansi pa mimba yake, iye ali phee.

Loweruka lina atate anati, "Lulu, vala nsapato. Lero ukwera."

Lulu anadumpha. Anakwera minibasi ndi atate. Anafika pa famu dzuwa litakwera. Ana atatu a ku Parklands anali kale pamzere. Nawonso ankafuna kukwera.

Atate anatenga zingwe za kumutu kwa kavalo. Pa zingwezo panali kachitsulo. Kachitsuloko kamalowa m'kamwa mwa kavalo. Popanda iko, palibe amene amakwera.

Atate anagwira kachitsulo m'manja. Mkuwa anatsegula pakamwa. Kachitsulo kanalowa.

Mwadzidzidzi Mkuwa anakalavula! Anapukusa mutu. Anabwerera m'mbuyo.

"Awe!" anatero atate. "Mkuwa, ni chani?"

Atate anayesanso. Mkuwa analuma mano. Anakweza mutu m'mwamba. Anakana.

Atate anayesa kachitatu. Apa ndiye zinavuta. Mkuwa anaimirira ndi miyendo yakumbuyo yokha! Analira mokweza. Atate anagwa chagada m'matope, khu!

Ana a ku Parklands anakuwa. Anathawira m'galimoto imene anabwera nayo. Nkhuku nazo zinathawa. Lulu anangoti kukamwa yasa. Mkuwa weniweniyu? Mkuwa wofatsa uja?

Mayi Muriel anabwera akuthamanga. Anagwira m'mutu.

"Mayo!" anafuula. "Ba Stanislaus, kavalo uyu wapenga! Adzapweteka mwana wa eni ake. Mawa lole ibwere, imutenge. Pano sakhalanso."

Atate anadzuka pang'onopang'ono. Matope anali thupi lonse.

Lulu anayang'ana Mkuwa. Mkuwa ankatulutsa lilime. Ankalibweza. Ankalitulutsanso. Malovu anali chuu.

Mawa Mkuwa achoka. Mtima wa Lulu unawawa kwambiri. Iye anayamba kulira.

"Usalire, mwana wanga," anatero atate. Anapukuta manja pa malaya. Kenako anamupukuta misozi ndi chala.

"Mayo ine!" anakuwa Lulu. "Diso langa! Diso langa likuyaka!"

Lulu anadumphadumpha. Anapukusa mutu. Anabwerera m'mbuyo. Atate anayandikira, koma iye anakana.

Kenako Lulu anaima. Anayang'ana Mkuwa ndi diso limodzi. Mkuwa nayenso ankapukusa mutu. Lulu anatola kachitsulo kaja. Anakanyambita pang'ono.

"Tsabola!" anafuula. "Atate, pali tsabola!"

"Tsabola?" anadabwa Mayi Muriel. "Pa famu yanga?"

Atate anayang'ana manja awo. Maso anangoti tong'o.

"Mwebantu," anatero. "Ndine."

Amayi a Lulu ankagulitsa chakudya chotchedwa chikanda kumsika. Makasitomala ankachikonda ndi tsabola wambiri. M'mawa umenewo amayi anachedwa. Atate anawathandiza kudula tsabola, mbale yonse. Anasamba m'manja ndi madzi okha. Tsabola satha ndi madzi okha!

"Mkuwa sanapenge," anatero Lulu. "M'kamwa mukumuwawa. Chonde, asachoke."

Mayi Muriel anapinda manja. "Ndione kaye ndi maso anga," anatero.

Lulu anathamangira pampopi. Anasamba kumaso. Anatsuka kachitsulo ndi sopo. Anatsuka, anatsuka, anatsukanso. Anakanyambita. Sikanawawe.

Anatunga madzi mu ndowa. Mkuwa anamwa. Anamwa, anamwa, mpaka ndowa inauma.

Atate anatambasula dzanja kuti atenge zingwe.

"Awe, atate!" anatero Lulu. "Manja kumbuyo!"

Atate anaika manja kumbuyo ngati mwana wa sukulu. Anamuuza Lulu chochita ndi pakamwa pokha.

Lulu anakwera pa kireti. Anakweza kachitsulo m'manja. Mkuwa anali wamkulu. Mano ake anali aakulu.

"Mkuwa," ananong'ona Lulu, "inenso zandiwawa. Ona diso langa. Manje kulibe tsabola."

Mkuwa ananunkhiza kachitsulo. Anapumira m'mphuno, fuu! Anabwerera m'mbuyo.

Lulu sanasunthe. Anadikira.

Mkuwa anabweranso. Ananunkhiza dzanja la Lulu. Anatsitsa mutu. Anatsegula pakamwa. Kachitsulo kanalowa.

Mkuwa anaima phee.

Atate anavula chipewa. Anawerama pamaso pa kavalo.

"Pepani, a Mkuwa," anatero. "Ndinakupatsani tsabola wopanda chikanda."

Mayi Muriel anaseka mpaka kukhala pansi. Ana a ku Parklands anatuluka m'galimoto. Anabwerera pamzere.

"Dikirani, inu," anatero Mayi Muriel. "Woyamba ndi uyu wa diso lofiirayu."

Mayi Muriel ananyamula Lulu. Anamukhazika pamsana pa Mkuwa. Kunali kutali ndi pansi! Atate ankayenda pambali, manja kumbuyo, akumwetulira.

"Nanga lole ija?" anafunsa Lulu ali pamwambapo.

"Lole iti?" anatero Mayi Muriel. "Mkuwa sapita kulikonse."

Lulu anakumbatira khosi la Mkuwa. Misozi inatuluka m'maso onse awiri. Atate anaona, koma sanayerekeze kuipukuta.