Phini ya Langford

Anakumana pa siteshoni ya Chongwe, mvula ikuwakwapula onse awiri. Tisauke ankaluka tsitsi pamsika. Langford ankagwira ntchito ku Lusaka, ndipo pakamwa pake pankatuluka shuga yekhayekha.

"Manja aya, switi wanga, nizayavalika golide," ankatero.

Kenako minibasi imene Tisauke anakwera inagubuduzika. Galasi linadula mtsempha wa mkono wamanzere wa Tisauke, uja wochititsa kuti zala zizimva. Madokotala anachotsa kamtsempha kumwendo n'kukalumikiza pamkonopo, koma sanamunamize: mtsempha umaphuka pang'onopang'ono ngati tsitsi, ndipo nthawi zina umatopera panjira.

Tisauke ali m'chipatala, foni inalira. Anali Langford: "Chala cha mphete chikayamba kumvela, nibwela na mphete yako."

Chikondi chanji chodikira chala? Koma mtima ukakonda sufunsa zambiri. M'mawa uliwonse Tisauke ankagogoda mkono wake, kufufuza pomwe kunyerenyesa kwafika. Kunatsika, kunatsika, kufika pachikhatho n'kuima. Chaka chinatha. Zala ziwiri, cha mphete ndi chaching'ono, zinangoti zii, ngati za munthu wina.

Azakhali ake, ba Ednah, poopa kuti mkamwini athawa, anakauza akuchimuna kuti dzanja lachira. Tisauke atamva anapsa mtima, n'kulumbira kuti amuuza yekha Langford zoona.

Lamlungu Langford anabwera kwawo kwa Tisauke ku Chalimbana. Anakhala pansi pa mtengo wa mango, mnyamata atagwira dzanja lija, akumutchula mayina onse okoma. Tisauke ankasankha mawu oyambira. Poweramitsa maso anaona dontho la magazi pa chitenje chake choyera, ndi phini pakati pa zala za Langford.

"Wanilasa kangati?"

Langford anachita chibwibwi. Akuti amayi ake ndi amene anamutuma kuti atsimikize kaye, poti mphete si yongotaya. Zinamupweteka Tisauke kuposa galasi lija. Ankamunong'oneza zachikondi uku akumuyesa ngati mbatata ya mumphika!

"Sembe munanifunsa chabe, ba Langford. Ichi chala sichizamvela futi, madokotala ananiuza kalekale. Kauzeni ba mayi banu kuti mwatsimikiza."

"Switi wanga, tikambeko..."

Tisauke anamulanda phini ija, namangira nayo chitenje chake, n'kumulozera msewu wa ku Lusaka. Analira, inde, koma atatseka chitseko.

Lolemba anali pamsika, mutu wa kasitomala uli pakati pa mawondo ake. Zala zisanu ndi zitatu zimaluka mochedwa, koma zimaluka.