Chikole Chinakafika ku Ulaya

Loyce anali pakati pa munda wa mpunga ku Bwanje, akukoka chingwe cha zitini ndi kukuwa kuti mpheta zithawe, pamene anamva munthu akuseka kumbuyo kwake.

"Asisi, takuwaninso! Mawu amenewo ndi amene ndadzera kuchokera ku Lilongwe."

Atacheuka anaona mnyamata wamtali wa chipewa chofiira, kamera ili paphewa. Nsapato zake zoyera zinali zitamira kale m'matope.

"Mukuseka chiyani? Mbalamezi zikatha mpungawu mudzatidyetsa ndinu?"

"Pepani. Ndine Chrispine, ndikujambula filimu ya alimi a mpunga. Koma ndaona kuti filimu yonse ndinuyo."

Pakamwa pa anyamata a m'tauni! Loyce ankadziwa bwino kuti mawu otere sagula ngakhale mchere, komabe tsiku limenelo mpheta zinadya mwaufulu.

Chrispine sanabwere yekha. Anali ndi Tracy, mtsikana wonyamula chojambulira mawu, amene anati ndi msuweni wake, mwana wa amalume ake.

"Amuna anga, dzuwa latentha, tiyeni tikapume," ankatero Tracy.

"Mkazi wangayu ndi waulesi," ankayankha Chrispine, uku akumutsinzinira diso Loyce.

Loyce ankangoseka. Nanga chodabwitsa chinali chiyani? Chisuweni ndi momwemo. Iyenso msuweni wake Maliro ankamutchula "mkazi wanga" ngakhale pabwalo la tchalitchi. Mpaka Loyce anayamba kumuitana Tracy kuti "mkazi mnzanga", ndipo anamupatulira thumba la mpunga wa Kilombero kuti akadye kwawo.

Pamene kujambula kunkatha, mtima wa Loyce unali utapita kale. Tsiku lotsanzikana anakhala awiriwiri pansi pa mtengo wa mango, m'mbali mwa ngalande.

"Kilombero wanga," anatero Chrispine, "fungo lako lindipeza kulikonse kumene ndipite."

"Musandinamize. Ine mtima wanga ndi umodzi, ndilibe wina wosinthira."

Chrispine anavula chipewa chake chofiira n'kumuveka. "Chikole changa ndi ichi. Nanga chako?"

Loyce anamasula mpango wake wobiriwira, umene ankavala m'munda masiku onse ojambula, n'kuupereka ndi manja awiri. Chikole si masewera ayi, ukapereka, wadzipereka.

"Tamvera," anatero Chrispine. "Ku Ulaya kuli chikondwerero chachikulu cha mafilimu a dziko lonse. Filimuyi ikadzafika kumeneko, mpango uwu udzakwera nane pansanja. Ndikadzangotsika, ulendo wa kwa amalume ako."

Madzulo omwewo Loyce anakagwada kwa amalume ake, a Bizwell, n'kuwaonetsa chipewa chija.

"Chabwino, tiwadikira alendowo," anatero a Bizwell. "Koma asachedwe."

Kudikira kunayamba. Kwa a Loyce netiweki inkagwira pamwamba pa chulu chokha, kuseri kwa khola la mbuzi, ndipo njira ya pachulupo inasalala ndi mapazi ake.

"Wadzuka bwanji, duwa langa? Ndagona ndi mpango wako pamtima."

"Ndakusowani, Chrispine. Kuno ngakhale mpunga sukundikomera."

"Pirira pang'ono, wapamtima. Tikulumikiza zithunzi. Nkhope yako ndimaiona tsiku lonse koma sindikhuta."

Mpunga unakololedwa. Mvula inagwa, anthu anaokeranso mbande. Mauthenga anayamba kufupika, ena n'kumadumpha sabata yathunthu. Amayi a pamjigo nawo sankamupatsa mpata.

"Loyce, akanema aja abwera liti? Kapena chipewacho ndiye mwamuna wake?"

Iye ankangomwetulira, koma akafika kunyumba ankatseka chitseko, n'kukumbatira chipewa chija. Fungo la mwini wake linali litatha kalekale. Kodi kusowa munthu kumapha? Loyce ankaona ngati kumapha pang'onopang'ono.

Mpunga utayambanso kucha, uthenga unalowa ali pachulu.

"Atisankha! Tikukwera ndege mawa! Upemphere, Kilombero wanga, lonjezo lija layandikira."

Loyce anatsika pachulu chothamanga mpaka anapunthwa n'kuvulala chala. Sanamve n'kupweteka komwe.

Patapita masiku, mnzake Esnath, amene anali ndi saluni pa Ntcheu Boma, anaimba foni.

"Mnzanga, bwera msanga! Apambana! Akuti aonetsanso pa TV masana ano!"

Loyce anasiyira mng'ono wake chingwe cha zitini, anavala diresi ya ku tchalitchi, n'kuika chipewa m'chikwama. Anakwera kabaza, kenako minibasi, ndipo njira yonse ankadzifunsa kuti amalume a Chrispine adzawaphikira chiyani.

Mu saluni munadzaza amayi, ena tsitsi lili lolukidwa theka. Pa TV panaoneka holo yaikulu, magetsi ali ngwee, anthu atatchena masuti akuda ndi madiresi okwekwa pansi. Kenako nkhope ya Loyce inadzaza khoma lonse la holoyo, akukoka zitini, mpango wobiriwira uli kumutu. Azungu anaimirira n'kuwomba m'manja.

"Ndiwe uja! Mayo ine, Loyce wathu ku Ulaya!" anakuwa Esnath. Nthungululu zinamveka mpaka kumsika.

Dzina la Chrispine linaitanidwa. Anakwera pansanja akumwetulira monga ankamwetulira pansi pa mango paja. Loyce anayang'ana m'khosi mwake: mulibe. Anayang'ana pamkono: palibe. Mpango uli kuti?

Apo Tracy anatulukira kumbuyo kwake, atavala diresi yonyezimira. M'khosi mwake munali mpango wobiriwira.

"Wangomusungira," ananong'ona Loyce. "Ndi msuweni wake ameneyo."

Chrispine analandira chikho cha mphotho, anachikweza m'mwamba, n'kutembenuka. Anamugwira Tracy m'chiuno ndi kumupsompsona pakamwa, dziko lonse likuona.

Wowerenga nkhani anapitiriza mwansangala: "Amenewo ndi a Chrispine Goliati ndi akazi awo a Tracy, banja limene lanyaditsa dziko lathu. Ati mphothoyi aipereka kwa mwana wawo wamkazi."

Amayi onse mu saluni anacheukira kwa Loyce.

Loyce anakhala pansi pang'onopang'ono. "Amuna anga." "Mkazi wanga." Ankatchulana pamaso pake tsiku ndi tsiku, iye n'kumaseka nawo! Bodza linali limodzi lokha, la chisuweni, ndipo lotsalalo anadzinamiza yekha. Mpaka thumba la Kilombero anapereka!

"Anthu oipa," anatero Esnath misozi ili m'maso. "Ankafuna kumwetulira kwako pa kamera, basi."

Loyce sanalire mu saluni. Analirira mu minibasi, nkhope atalozetsa pawindo, ndipo chimene chinamuwawa koposa n'chakuti ngakhale pamenepo mtima wake unkamufunabe Chrispine.

M'mawa mwake anakweranso pachulu. Mapazi anangomutengera okha. Foni inanjenjemera.

"Kilombero wanga, tapambana! Mpango wako unakwera pansanja monga ndinalonjezera. Ndikadzabwera ndidzakufotokozera zonse."

Anauwerenga kawiri. Kenako analemba:

"Ndinaona. Muwauze akazi anu aziuchapa ndi madzi ozizira, umasuluka. Kwa amalume musavutike."

Anatsika osadikira yankho. Anadutsa pakhomo pa a Bizwell n'kulunjika kumunda.

Mpheta zinali zitatera kale pa ngala za mpunga. Loyce anazika ndodo pakati pa munda, anapingasa ina pamwamba pake, n'kuiveka thumba lakutha. Kenako anatulutsa chipewa chofiira m'chikwama. Anachigwira kanthawi, anachinunkhiza komaliza, n'kuchikoleka pamutu pa ndodoyo.

Mbalame zinauluka zonse nthawi imodzi.

"Koma lero mwagwira ntchito, a Chrispine," anatero Loyce, akupukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja. "Imani pomwepo. Inunso mudziwe kudikira."