Mawu a Kumbuyo kwa Botolo

Anakumana pa siteji ya basi ya antchito. Linali tsiku loyamba la mtsikana wina ku munda wa mphesa. M'chikwama munali digiri ya zaulimi, kumapazi nsapato zoyera.

"Achemwali, nsapato zimenezo pofika madzulo zikhala zofiira," anatero mnyamata wina wa manja othimbirira. Anali woyang'anira migolo ya vinyo.

Mtsikanayo analembedwa ntchito yolawa vinyo ndi kulemba mawu a kumbuyo kwa botolo. Madamu, mwini kampani, anamupatsa miyezi itatu kuti aimvetse mphesa yofiira ya m'dzikomo. Akalephera, abwerere kwawo. Kusukulu anaphunzira za mphesa zakunja zokhazokha.

Wamigoloyo ndiye anamuphunzitsa.

"Yathuyi imapsa mochedwa, khoko lake n'lokhuthala. Kuda kwake kusakunamize. Tafuna njere, ikawawa isiye."

"Nanga vinyo wake?"

"Akadali mwana amaumitsa lilime. Amafuna zaka ziwiri mumgolo kuti afatse. Ngati iwe, Kamphesa wanga."

"Ine mumgolo sindilowa, aphunzitsi."

Koma mu mtima mwake mnyamatayo analowa. Mameseji ankagwa ngati mvula. "Kamphesa, wadya? Ine chakudya sichikutsika usanandiyankhe!"

Pakampanipo wantchito akamakwatira ankasankha mgolo umodzi wa paukwati wake. Tsiku lina wamigolo anamugwira dzanja n'kumuonetsa mgolo wachisanu ndi chiwiri.

"Uwu ndasungira tsiku lalikulu. Ndikulumbira, udzakhala woyamba kuulawa!"

Mtsikanayo akanakayika bwanji?

Sabata yomaliza ya miyezi itatu ija, madamu anamuikira tambula ndi envelopu patebulo.

"Mayeso ako ndi awa. Mgolo wachisanu ndi chiwiri, tikuthira m'mabotolo Lachisanu. Lawa, ulembe mawu. Chithunzi cha akwati chili umo, mwina chikuthandiza."

Mtsikanayo anatsegula envelopuyo. Wamigolo anali mu suti yotuwa, manja osamba bwino. Pambali pake panali mkazi amene mtsikanayo anali asanamuonepo, akumwetulira, dzanja pamimba.

Anadikira misozi. Sinabwere. Anamva fani ikuzungulira, ndi galimoto ikubwerera m'mbuyo panja.

Foni inanjenjemera. "Kamphesa, usatsegule envelopu. Ndikufotokozera, chonde!"

Anaitembenuza. Ananyamula tambula, ananunkhiza, anamwa pang'ono, anazunguza m'kamwa, n'kulavulira m'ndowa monga mwa ntchito. Vinyoyo anali wabwino. Ngakhale pamenepo panalibe pomunenera.

Analemba kuti: "Wofiira kwambiri, wa fungo la nthuza zouma ndi utsi pang'ono. Poyamba amakoma, kuuma kwake kumabwera mukameza. Mwani pang'onopang'ono."

Madamu anawerenga kawiri, n'kuvula magalasi.

"Waimvetsa mphesa yathu, mwanawe! Ntchito ndi yako. Lachisanu ulawire m'mamawa, mabotolo alipo mazana atatu. Chithunzichi ndi mawu akowa, womata ndiwe."

Mtsikanayo anabwezera chithunzi mu envelopu, osachipinda.

"Chabwino, madamu. Guluu mumasunga kuti?"