Vinyo Wokhwima wa Morton Nkhoma

Lachitatu, pa 12 Epulo 2023, m'chipinda chozizira chosungiramo vinyo ku Woolwich, dera la mzinda waukulu wa kutsidya kwa nyanja, munali anthu atatu: kapitawo Jason, mzungu wina wogula katundu, ndi Morton Nkhoma, wonyamula mabokosi. Morton anabadwira pa famu ku Zimbabwe, kwa makolo ochokera ku Dedza. Iye ndi mkazi wake Esnat ankakhala m'kachipinda kamodzi kankhungu ku Edmonton, dera lina la mzindawo.

Tsikulo mzunguyo anakweza botolo la vinyo wofiira wa ku Bordeaux, m'dziko la France, nanena kuti pa okushoni mtengo wake unali utaposa malipiro a Morton a chaka chathunthu. Anafotokoza kuti vinyo wotere amakoma akagona zaka zambiri, ndipo chaka cholembedwa pabotolo chikakhala chakale, olemera amalimbirana.

Morton anakwera basi mtima ukuwawa. "Ine ndikakalamba andichotsa ntchito," anadandaula kwa Esnat. "Botolo likakalamba aliombera m'manja."

"Idyani, bambo, mawa muli ndi shifiti," anayankha mkaziyo.

Loweruka Morton anapita ku Peckham, kuseri kwa shopu yokonza mafoni, kumene kunkakhala sing'anga wa ku Chipata, dzina lake Abednego.

"Ndikufuna vinyo wanga azikhwima msanga," anatero Morton.

Abednego anaseka. "Ba Morton, mwasankha liwu lolemera. Chimanga chimakhwima, munthu wofuna chuma amakhwimanso. Manje inu mufuna kukhwima kuti?"

"Konse kuwiri."

Sing'angayo anatulutsa kabokosi kathabwa komangidwa ndi nsalu yofiira. "Gulani botolo lachaka chino, muligoneke umu. Mwezi ukatha lidzakhala lakale, ndi chaka chapapepala chomwe. Koma zaka sizimera m'thabwa. Chizimba chake n'chakuti zidzachoka kwa munthu amene amakukondani koposa. Akatha iye, wotsatira."

"Nanga ndikafuna kusiya?"

"Bokosi lisagone ndi njala. Likapanda botolo, limamwa munthu yense kamodzi."

Morton anaganiza kuti zaka zochepa sizingaoneke pankhope ya mkazi wamng'ono ngati Esnat. Anavomera.

Botolo loyamba linatuluka litakutidwa ndi fumbi, pepala la pabotolopo litachita chikasu. Akatswiri a okushoni analiyamikira, ogula nalimbirana. Morton anasiya ntchito, nasamukira m'nyumba yaikulu yokhala ndi chipinda chapansi. Anagula mabotolo ena ambiri.

M'mawa wina Esnat anaima pagalasi. "Bambo, taonani imvi izi. Amayi anga alibe ngakhale imodzi." Patapita miyezi, mawondo anayamba kumupweteka mpaka ankayendera ndodo, dzino linagwa akudya buledi. Madokotala a chipatala cha ku Edmonton sanapeze matenda. Komabe iye ankadzuka kumuphikira mwamuna wake tiyi, n'kumufunsa ngati wagona bwino.

Morton anaona kuti njira yomupulumutsira inali imodzi yokha: kupha chikondicho. Anayamba kumunyoza.

"Tuluka muno, nkhalamba iwe! Anthu akuyesa ndinakwatira agogo anga."

Esnat anatenga chikwama chake, napita kwa mnzake wa kutchalitchi. Morton anamvera ndodo yake ikugogoda pamasitepe mpaka inaleka kumveka.

Posakhalitsa mlongo wa Morton, Joyce, anaimba foni kuchokera ku Harare, akudandaula kuti maso achita khungu mwadzidzidzi. Morton anamutukwananso, nasintha nambala. Kutchalitchi anasiya. Wina akamupatsa moni pamsewu, ankayang'ana kumbali poopa kuti angamukonde. M'nyumba yaikuluyo munkangomveka firiji. Ankadya ataimirira, ndipo masiku ena ankakwera sitima ya Overground popanda kopita, kuti angomva anthu akulankhula.

Koma bokosi silinaleke kukhwimitsa vinyo. Morton anadabwa, nabwerera ku Peckham. Masitepe a pasiteshoni anamutopetsa kuposa kale.

"Palibe wondikonda tsopano," anauza sing'angayo. "Zaka zikuchokera kuti?"

Abednego anamupatsa foni yozimitsa kuti adziyang'anire pagalasi lake. "Alipo mmodzi, ba Morton. Wakhala akukukondani kuyambira tsiku lija munavomera, ndipo manje watsala yekha. Uyo akukuyang'anani."

Pagalasipo panali nkhalamba ya masaya olowa.

Morton anabwerera kunyumba. Anafuna kuimbira Esnat, koma anaopa kuti angamukhululukire, chikondi n'kubwerera, bokosi n'kumumaliza. Anaika foni pansi. Kenaka anatsegula bokosi, natulutsa botolo, osaikamo lina.

Mwini nyumba yoyandikana ndiye anaitana apolisi ataona makalata atadzaza pakhomo. Iwo anapeza mtembo wa nkhalamba utakhala pampando, ndipo poona chithunzi cha munthu wachinyamata papasipoti ya Morton anayamba kufunsa kumene mwana wa malemuyo anapita. Vinyo yense wa m'chipinda chapansi anali atapitirira msinkhu, atasanduka viniga. Kumaliro kunabwera Esnat yekha, ndi ndodo yake, osadziwa kufikira lero chifukwa chimene anathamangitsidwira.

Phunziro ndi ili: chimene chimafuna zaka tichidikire zaka zake. Wokhwimira chuma amalipira ndi anthu ake, ndipo akatha anthuwo, amalipira ndi thupi lake. Dyera silisiya ngakhale wokulira maliro.

Sukulu sindinaimalize, choncho inu owerenga, mukapeza liwu lokhota kapena chilembo chosowa, chonde mukonze.